Kodi tigulitse nyumba kuti mwana akaphunzire ku England?

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wamasiye wa ana anayi. Ndimakhala ku Chibavi ndipo ndimagulitsa zitenje mumsika wa Taifa. Mwana wanga woyamba adamaliza digiri ya zamakompyuta ku Mzuni koma ntchito yokhazikika sanaipeze, amangokonza mafoni ndi malaputopu pashopu ya mnzake m'tauni. Tsopano wapeza malo pa yunivesite ina ku England oti akachite Masters ya chaka chimodzi kuyambira Seputembala 2026. Ajenti amene akumuthandiza akuti akangomaliza, boma la kumeneko limapereka viza ya zaka ziwiri yogwirira ntchito, ndalama zonse zidzabwerera, kenako adzakhazikika konko. Mwanayo akundipempha kuti tigulitse nyumba ya ku Mchengautuwa imene bambo ake adatisiyira. M'nyumbamo muli mabanja awiri a lendi, ndipo lendiyo ndiyo imalipira fizi ya azing'ono ake awiri ku sekondale. Tulo sindikutiona. Kodi viza imeneyi ilipodi? Nanga ndikakana, sindikhala kuti ndamutsekera mwayi mwana wanga?
Mayi wa ku Chibavi

YANKHO: Mayi, vizayo ilipodi, ajentiwo sanachite kuipeka. Koma nyumbayo musagulitse. Ndikufuna ndikupatseni zifukwa zogwirika, kuti mukakhala pansi ndi mwana wanu musangonena kuti mtima ukukana, chifukwa mnyamata wophunzira ngati ameneyu adzafuna manambala.

Dzina lake ndi Graduate visa, ndipo boma la UK lidaiyambitsa pa 1 Julaye 2021. Imalola wophunzira wochokera kunja amene wamaliza digiri pa yunivesite ya kumeneko kutsalira m'dzikomo, n'kumagwira pafupifupi ntchito ina iliyonse kapena kumaifunafuna, popanda kampani yomuimira. Amaipempha ali konko, viza yake ya sukulu isanathe, komanso yunivesite itadziwitsa kale a Home Office, unduna woona za maviza kumeneko, kuti wakhoza. Apa m'pamene ena amagwa. Munthu akalephera phunziro limodzi n'kuyenera kubwereza, zotsatira zimachedwa, ndipo viza ya sukulu ikatha zisanatuluke mwayiwo ukhoza kumupitirira. Zimachitikira ngakhale ana anzeru, makamaka amene amachezera kuntchito usiku kuti apeze ya lendi n'kumawodzera m'kalasi masana.

Zaka ziwiri zimene mwauzidwazo mwana wanu sadzazipeza. Mu Meyi 2025 boma la UK lidalengeza kuti lichepetsa nthawiyo, ndipo aliyense wa digiri yoyamba kapena ya Masters amene adzapemphe kuyambira pa 1 Januwale 2027 adzapatsidwa miyezi 18 basi. A PhD okha ndiwo akhalebe ndi zaka zitatu. Mwana wanu akanyamuka Seputembala 2026, adzamaliza chakumapeto kwa 2027, lamulo latsopanolo litagwira kale. Ngati ajenti akunenabe za zaka ziwiri, ndiye kuti sakutsatira nkhani, kapena akudziwa koma sakufuna kuti inu mudziwe. Munthu wotere si womudalira pa nkhani yokhudza nyumba. Dziwaninso kuti ajenti ambiri amalandira komishoni kuchokera ku yunivesite mwana akangolembetsa n'kulipira fizi. Kaya mwanayo adzapeza ntchito kaya ayi, iwo zawo zimakhala zitatheka.

Vizayo si yaulerenso. Mu 2025 kuipempha kokha kunali £880, kuphatikiza ndalama ya zachipatala ya £1,035 pa chaka chilichonse, ndipo zonsezi amalipiriratu tsiku lopemphalo. Tsikulo limafika pamene wophunzira wangotha chaka chonse akudya ndalama, m'thumba muli gwa.

Tsono nayi mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse. Graduate visa ndi nthawi yoti munthu ayesere mwayi. Simupatsa ntchito, siwonjezereka ikatha, ndipo miyezi yake siwerengedwa pa zaka zimene wa viza ya ntchito amakhala asanapemphe kukhazikika m'dzikomo. Kuti mwana wanu apitirize kukhala kumeneko, ayenera kuti miyezi 18 isanathe apeze kampani yokhala ndi chilolezo cha boma cholembera alendo, imuimire kuti asinthire ku viza yotchedwa Skilled Worker. Kuyambira pa 22 Julaye 2025 ntchitoyo, kupatula zochepa zimene boma lidazipatula, iyenera kukhala ya mlingo wa digiri, ndipo malipiro ake asachepere £41,700 pachaka. Kwa ongomaliza kumene sukulu amatsitsako kufika pa £33,400. Yerekezani ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kumeneko, amene mu 2025 anali £12.21 pa ola. Munthu wogwira sabata yathunthu pa malipiro amenewo amangopeza pafupifupi £25,000 pachaka, msonkho asanadule. Ndiye kuti ntchito zimene zimapezeka msanga, za m'sitolo, zotsuka mbale, zonyamula makatoni, zimamudyetsa munthu koma sizimutsegulira viza yotsatira. Ngakhale ntchito yosamalira okalamba, imene Amalawi ambiri adalowera zaka zapitazi, boma lidasiya kulola kuti makampani azilemba anthu ake kuchokera kunja mwezi womwewo wa Julaye 2025.

Mwana wa achemwali anga ali pa viza yomweyi panopa. Amagwira ntchito usiku m'nyumba yosungira katundu, kusanja makatoni, ndipo m'mawa akafika kuchipinda chimene amagawana ndi mnzake amatsegula laputopu n'kuyamba kudzaza mafomu a ntchito. Pafupifupi fomu iliyonse ili ndi funso lakuti kodi mudzafuna kuti kampani ikuimireni pa viza. Iye amachonga kuti inde, poti ndicho choona, ndipo makampani ambiri amangoti zii. Si waulesi, ndipo adakhoza bwino. Kungoti kulemba mlendo kumaidyera kampani ndalama ndi mapepala ambiri, choncho ikapeza mwini dziko wodziwa zomwezo imatenga ameneyo. Kumudzi amatumiza kangachepe mwezi ukayenda bwino, koma ndalama zimene banja lidasonkha sizinayambe n'komwe kubwerera.

Sindikufuna kumulakwira mwana wanu. Zamakompyuta ndi gawo limodzi limene alendo ena amapezeramo ntchito zabwino, ndipo alipo Amalawi amene zidawayendera. Koma tiyeni tione chimene mukuika pachiswe. Fizi ya Masters kwa wochokera kunja pa mayunivesite ambiri imapitirira £15,000. Asanapatsidwe viza ya sukulu ayenera kuonetsa kuti kupatula fiziyo ali ndi ndalama zodyera ndi zogonera zopitirira £10,000 ngati sukuluyo ili kunja kwa London, ndipo ndalamazo zikhale zitagona mu akaunti masiku 28 otsatizana. Onjezanipo viza, zachipatala, kuyezetsa TB ndi tikiti ya ndege. Ali pasukulu amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pasabata, ndipo zimenezo sizingalipire fizi. Inu mudzagulitsa nyumba m'makwacha pamene zonsezi zimafuna mapaundi. Monga wamalonda mukudziwa bwino kuposa ine zimene zidachitika mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza m'mabanki. Choopsa kwambiri n'chakuti nyumba ipite, ndalama zithere pakati pa chaka, mwana atsekeredwe zotsatira chifukwa cha ngongole ya fizi. Pamenepo palibe digiri, palibe Graduate visa, ndipo azing'ono ake awiri aja ali pakhomo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumbukiraninso kuti nyumba ya masiye si ya mwana mmodzi. Lamulo lathu la chuma cha masiye la 2011 limateteza inuyo pamodzi ndi ana onse, ndipo aang'onowo, amene sangathe kudziyankhulira panopa, ali ndi gawo lawo m'nyumbamo.

Kukana kugulitsa sikutanthauza kuti ulendo watha. Muuzeni alembere yunivesiteyo yekha, osadzera mwa ajenti, apemphe kuti malo akewo amusungire mpaka chaka chamawa, afunsenso ngati ili ndi thandizo la fizi kwa ophunzira a ku Africa. Mayunivesite ambiri amavomera kusunga malo. M'chaka chimenecho alimbane ndi ma scholarship. Chevening ya boma la UK imalipira fizi, ndege ndi zodyera, ndipo imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, choncho ntchito yokonza malaputopu ija asaipeputse, azisunga umboni wake. Ilipo ya Commonwealth, komanso Ireland Fellows Programme imene imatenga Amalawi. Koma adziwiretu kuti thandizo lotere limabwera ndi pangano lobwerera kwathu. Wa Chevening amasaina kuti akamaliza adzabwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri, ndiye za Graduate visa asaziwerengere. Kwa ine limenelo si vuto. Kubwera ndi Masters wopanda ngongole, nyumba ikadalipo, n'chiyambi chabwino zedi.

Ngati mtima wake uli pa kukagwira ntchito kunja, ayang'anenso ku Germany. Mayunivesite ambiri a boma kumeneko salipiritsa fizi kupatula kandalama kochepa ka pa semesita, makosi ena a Masters amaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo womaliza amapatsidwa miyezi 18 yofunira ntchito. Amafunabe kuti uonetse ndalama zodyera za chaka, zimene mu 2025 zinali €11,904, ndipo ntchito zambiri zimafuna Chijeremani. Si zotchipa, komabe mtolo wake ndi wopepukirapo.

Pomaliza, m'patseni homuweki. Pa webusaiti ya gov.uk pali mndandanda wa makampani onse ololedwa kuimira alendo pa viza. Atsegule, asankhe makampani khumi a zamakompyuta, aone ntchito zimene akulengeza kwa ongomaliza sukulu ndi malipiro ake, ayerekeze ndi £33,400 ija. Pomwepo aonenso mitengo ya viza ya tsiku limenelo, poti imakwera pafupipafupi. Ndipo tsiku lina akadzanyamuka ndi ndalama zopezeka mwanjira ina, dipoziti ya fizi idzapite ku akaunti ya yunivesite yeniyeniyo, osati m'manja mwa munthu.

FUNSO: Alangizi, ndine mphunzitsi ku Luwinga ndipo ndikudzilipirira ndekha Masters ku Scotland. Ndikamaliza n'kutenga Graduate visa, kodi mkazi wanga ndi mwana wathu anganditsatire?
Bambo wa ku Luwinga

YANKHO: Achimwene, pa viza imeneyo ayi. Kuyambira Januwale 2024, wochita Masters ya m'kalasi modzilipirira saloledwa kutenga banja. Amene amaloledwa kutenga banja ndi a PhD, a Masters ya kafukufuku, ndi ena olipiriridwa ndi boma. Ndipo Graduate visa imangovomereza mkazi kapena mwana amene anali nanu kale kumeneko pa viza yanu ya sukulu. Mlamu angabwere kudzakhala nanu pokhapokha mutasinthira ku Skilled Worker. Chaka cha sukulu kuphatikiza miyezi 18 ndi zaka ziwiri ndi theka muli kosiyana, ndiye kambiranani zimenezi awiriwiri musanalipire dipoziti, mugwirizanenso kuti pakhomo azidya chiyani malipiro anu a uphunzitsi akaima.