Chimene chimafooketsa makina a okosijeni m'zipatala

Wowerenga wina, amene amakonza zipangizo pa chipatala china cha m'mbali mwa nyanja, wandilembera imelo kufunsa kumene makina opatsa odwala okosijeni, aja ongolumikiza ku magetsi, amatenga mpweyawo, ndiponso chifukwa chake amafooka ngakhale kompresa yake (pampu yopanikiza mpweya) ikulira bwinobwino.

Makinawa, achimwene, sapanga okosijeni koma amachotsa nayitrojeni, amene ali 78 peresenti ya mpweya umene timapuma, pamene okosijeni ali 21 peresenti. M'kati mwake muli masilinda awiri odzaza timibulu ta zeolite, mwala wa aluminiyamu, silikoni ndi okosijeni, umene maatomu ake analukana mosiya timapanga tofanana kukula, tokhala ndi makomo osafika nanomita imodzi (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Makoma a timapangati, m'gramu imodzi yokha, amaposa masikweya mita 500. Kompresa ikakankhira mpweya mu silinda imodzi, maayoni (maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi) a sodium kapena lithium okhala m'timapangamo amakoka nayitrojeni mwamphamvu kuposa okosijeni, motero okosijeni amadutsa. Pakatha masekondi ochepa mpweya umapatutsidwira ku silinda inzake, ndipo yoyambayo ikaphwetsedwa imalavula nayitrojeni uja. Argon, mpweya wina wochepa wopezekanso mu mpweya umene timapuma, amadutsa limodzi ndi okosijeni, n'chifukwa chake makinawa sapitirira kwenikweni 95 peresenti.

Zimenezi sizongoganizira, zimayezedwa. Wofufuza amayamba watenthetsa zeolite m'chubu chopopedwa mpweya wonse kuti timapanga tiyere, kenaka amalowetsa mpweya pang'onopang'ono pa kutentha kosasintha, n'kumalemba kuchuluka kumene mwalawo wagwira nthawi iliyonse mphamvu ya mpweya ikakwera. Irving Langmuir anafotokoza m'chaka cha 1918 masamu a mpweya womata pakhoma mzere umodzi, ndipo mu 1938 Brunauer, Emmett ndi Teller anawonjezera masamu a mpweya wosanjikizana, amene mpaka lero amathandiza kuyeza kukula kwa makomawo ndi nayitrojeni wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Kutentha kumene kumatuluka mpweya ukamamata kumasonyeza mphamvu ya kugwirako, ndipo pamenepa m'pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri.

Madzi a chinyezi cha mu mpweya amagwiridwa ndi maayoni aja mwamphamvu kwambiri kuposa nayitrojeni, kotero kuti kuphwetsa silinda sikuwachotsa onse. Ngakhale Axel Cronstedt wa ku Sweden, amene anayamba kufotokoza za zeolite mu 1756, anachita kuutenthetsa mwalawo kuti madzi atuluke ngati nthunzi. Malo alionse amene chinyezi chakhala, nayitrojeni sapezanso pomata, ndipo amapitirira kukafika kwa wodwala. Kumadera a chinyezi ngati kwanuko vutoli limabwera msanga, makamaka makina akasungidwa miyezi yambiri osayatsidwa.

Pali zeolite zina zimene sizimangogwira mpweya koma zimausanduliza. M'paipi yotulutsa utsi ya magalimoto ambiri a dizilo amakono muli zeolite yotchedwa SSZ-13 yoikidwa kopa, m'mene amoniya wochokera ku AdBlue, mankhwala amadzimadzi opoperedwa mu utsiwo, amakumana ndi mpweya woipa wa mu utsi n'kuusandutsa nayitrojeni ndi madzi. Apa ofufuza amawalitsa cheza chosaoneka ndi maso cha infrared pa mwalawo ntchito ili m'kati, popeza molekyulu (kagulu ka maatomu ogwirana) yomata imanjenjemera mosiyana ndi yoyenda yokha, ndipo amatha kuzindikira chimene chagwira pa kopa ndi chimene chasanduka.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makina ofooka amaombabe mpweya ngati kale, namwino n'kumaona kampira ka pa geji kali pamalo pake, chikhalirecho wodwala akupuma pafupifupi mpweya wamba. Muziyeza mpweya wotuluka ndi chida choyezera okosijeni, muzitsuka sefa kawirikawiri, ndipo okosijeni akatsika pansi pa 82 peresenti, mlingo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limatchula, makinawo achotsedwe kwa wodwala kufikira mutapeza chavuta. Ngati palibe potayikira mpweya ndipo kompresa ili bwino, musinthe masilinda a zeolite.