Mwana wanga saona, mabuku a braille ndiwapeza kuti?

FUNSO: Ine ndi mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anasiya kuona ali ndi zaka 7 ndipo pano ali sitandade 6. Braille amawerenga bwinobwino, vuto ndi mabuku. Teremu yonse yatha alibe buku la Sayansi ngakhale la Masamu, amangodalira mnzake kuti amuwerengere pa buleki ndiye mnzakeyo akajomba basi tsiku limenelo lapita. Ndikafunsa kusukulu amangoti tikudikira. Ndazungulira mashopu a mabuku mtauni koma palibe amene akugulitsa. Nditani ine?

YANKHO: Pepani mayi, zandikhudza kwambiri, mwana wa sitandade 6 watsala ndi zaka ziwiri zokha kuti alembe mayeso a sitandade 8 ndiye teremu imodzi si yochepa ayi. M'mashopu musavutikenso kufufuza. Mabuku a braille sayalidwa pa shelefu ngati enawa, amasindikizidwa ndi makina apadera pa pepala lokhuthala, ndipo tsamba limodzi la buku wamba limatha kutenga masamba awiri kapena atatu a braille, buku limodzi n'kukhala mavoliyumu angapo. N'chifukwa chake amapangidwa potengera ana amene akudziwika kuti alipo, ndiye ngati dzina la mwana wanu silinafike ku ofesi ya maphunziro, buku lake silingabwere ngakhale mudikire mpaka liti.

Ndiye yambirani pamenepo. Pitani kwa ahedi muwafunse mwaulemu ngati mwanayo analembedwa pa mndandanda wa ophunzira ofunika chithandizo chapadera, kenako muwapemphe alembe kalata, osati zongolankhulana pakamwa, yopita kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni yanu) ndi ku ofesi ya DEM (mkulu wa maphunziro m'boma) komwe kumakhala woyang'anira za maphunziro a ana olumala. M'kalatamo mulembedwe kalasi, maphunziro ake ndi dzina la buku lililonse, ndipo inu musunge fotokope yokhala ndi deti ndi chidindo, kuti mukamabwerera kukafunsa mukhale ndi pogwira. Apemphenso mabuku a sitandade 7 lero lomwe, chifukwa izi zimatenga miyezi. Ngati muli ndi kalata ya ku kiliniki ya maso ku chipatala cha Mzuzu Central muiphatikize pomwepo.

Nkhaniyi muitengerenso ku komiti ya sukulu ndi ku PTA. Sukulu za boma za pulayimale zimalandira ndalama yotukulira sukulu yotchedwa SIG, ndipo ndi komiti yomweyo imene imakambirana kagwiritsidwe kake, ndiye palibe cholakwika kupempha kuti pa bajeti aikepo mapepala a braille ndi sitayilasi yolembera. Makolo ambiri amachita manyazi kuyankhula pa misonkhano yoteroyo ngati akupemphetsa, pomwe mwana wanuyo ndi wophunzira wa pasukulupo ngati wina aliyense.

Podikirapo, funsani za mphunzitsi wa ana osaona amene ali pafupi. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu ndipo amatha kutayipa pa makina olembera braille a Perkins mutu umene kalasi ikuphunzira sabata imeneyo, moti mwana amalandira pang'onopang'ono m'malo modikira buku lonse. Ku Ekwendeni, pafupi pompa, kuli risosi senta ya ana osaona, ndipo ahedi anu atha kufunsako ngati ali ndi mabuku oti angabwereke. A Malawi Union of the Blind nawonso ndi oyenera kuwadziwitsa. Madzulo kunyumba mkulu wake atha kumuwerengera n'kujambula mawu pa foni, zimathandiza pa Social ndi Sayansi, koma Masamu ndi sipelo zimafuna zala zake zikhudze yekha.

Mabukuwo akafika, kumbukirani chinyezi cha kuno kwathu. Pepala likanyowa kapena mukasanjika zolemera pamwamba timadontho timafufutika ndipo buku latha ntchito, ndiye muziwaimika chilili pamalo pouma, popita kusukulu awakulunge mu pulasitiki. Ndipo akadzafika sitandade 8 mudzaonetsetse kuti polembetsa mayeso a MANEB asonyeza kuti akufunika pepala la braille.