Yankho kwa amalume pa za botolo la Port Ellen lija

Eee amalume mwaswera bwanji, pepani ndachedwa kuyankha ndinali pa shifiti ku bala. Chithunzi mwaponya mu gulupu chija ndachiona, mukuti botolo limodzi la wisiki lingadule bwanji mapaundi masauzande, kodi muli golide? Hahaha golide mulibe amalume, nkhani ndi yoti fakitale yake inatsekedwa.

Port Ellen ili pa chilumba cha Islay kumadzulo kwa Scotland kuno. Anayamba kutcheza mu 1825, inakhalapo yotseka zaka zambiri mpaka 1967, kenako 1983 anaitsekanso. Nthawi imeneyo wisiki anachuluka heve, migolo thoo m'magodauni ogula palibe, ndiye eni ake, kampani ya DCL, anali kale ndi mafakitale ena awiri a wisiki, Lagavulin ndi Caol Ila, pachilumba chomwecho, anaona kuti atatu achuluka, yochotsa ndi Port Ellen. Chondiseketsa ine n'chakuti mowa wake ankangousakaniza ndi wina, palibe ankaulabadira. Migolo yotsala ija inangokhala phee, ndipo wisiki akakhala mu mgolo amauluka pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndiye akukalamba kwinaku akuchepa. Pofika 2001 a Diageo, kampani yomwe inadzakhala eni ake, anayamba kutulutsa mabotolo owerengeka pachaka, anthu n'kupenga nawo, wina akatsegula limodzi ndiye kuti padziko lachepa limodzi basi.

Za kakomedwe, ndinalawapo kamodzi kokha, kasitomala wina anandisiyira kadontho m'tambula. Choyamba ndi utsi amalume, chifukwa chimera cha balere amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo lomwe amakumba n'kuumitsa n'kumasonkhera ngati nkhuni. Ine ndinakumbuka mlamba wowamba wa pamsika, ndithu. Kenako kamchere ka kunyanja, kandimu chapatali, ndi kafungo kena ka kuchipatala koti agogo akanangoti awa ndi mankhwala ndichotsereni. Koma sawotcha kukhosi ngati kachasu wamutu ayi, amatsika mofatsa ndipo utsi uja unandikhala m'kamwa mpaka ndili m'basi. Kukoma akukoma, koma ndalama zonsezo mukulipira kusowa kwake, osati lilime.

Mwina mumva kuti anaitsegulanso, n'zoona, 2024, ngati Brora, fakitale ina ya wisiki ya kuno, yomwe inatsekedwanso 1983 n'kutsegulidwa 2021. Koma lamulo la kuno limati mowa ukhale mu mgolo zaka 3 usanatchedwe wisiki, ndipo zotchezera zake ndi zatsopano, ndiye mabotolo akale aja mtengo sutsika msanga.

Munthu wa pa Facebook akuti akugulitsani motchipayo musamutumizire ndalama chonde, abodza alipo amathira wina m'botolo lakale. Ndikamabwera Disembala ndikutengerani Caol Ila, chimera chake amapangira ku Port Ellen komweko, utsi wake ndi wapachibale. Moni kwa azakhali, ndathawa bwana akundiyang'ana.