Funsani Akatswiri: Kodi bowa ali ndi wamwamuna ndi wamkazi?

FUNSO: Ndimalima bowa wa oyisitara. Pofuna kusiya kugula mbewu, ndinatchera fumbi loyera logwa kunsi kwa bowa wokhwima n'kulifesa pa agar (chakudya cholimba ngati jele chomeretsera ulusi wa bowa m'mbale), kenaka ndinasamutsira timagulu ta ulusi tomera patokha m'mabotolo a mapira. Ulusi unadzaza bwinobwino, koma matumba ambiri sanabereke olo bowa mmodzi. Chavuta n'chiyani? (Mlimi wa bowa, Mulanje)

YANKHO: Bambo, ulusi wanuwo ndi wamoyo, kungoti ndi mbeta. Kanjere kalikonse ka fumbilo kamanyamula theka lokha la chibadwa cha bowa. Kakamera, ulusi wake umatha kudzaza botolo lonse n'kuyera mbee, koma subereka mpaka utalumikizana ndi wina wogwirizana nawo. Ukalumikizana, manyukiliyasi (timitima ta selo tosunga chibadwa) a mbali iyi amayenda kulowa mu ulusi wa mbali inayo mpaka selo iliyonse ikhale ndi awiri. Ulusi wa manyukiliyasi awiriwu ndiwo umatulutsa bowa wodya uja.

Wamwamuna ndi wamkazi palibe. Zimakhala ngati kufunsana mfunda, kuti a mfunda umodzi asatengane. Bowa wa oyisitara ali ndi malo awiri m'majini ake, otchedwa A ndi B, ndipo ponse pawiri payenera kusiyana. Malo a B ndi amene amapanga maferomoni (timakemikolo totumiza uthenga wokwatirana) komanso tinthu towalandira pakhungu la selo. Pakafanana pamenepa manyukiliyasi sayenda. Fumbi la bowa mmodzi limatuluka mitundu inayi, choncho mukaphatikiza ulusi uwiri wapachibale mwachisawawa, mwayi woti ugwirizane ndi umodzi mwa inayi basi. Bowa wina waung'ono wotuwa womera pa zipika zouma, Schizophyllum commune, ali ndi mitundu yotereyi yoposa 23,000.

Fumbi lisiyeni kwa ofufuza mitundu yatsopano. Ngakhale ulusi utagwirizana, ana ake amasiyanasiyana pa kukula ndi zokolola. Inu tengani mnofu. Phikani magalamu 200 a mbatatesi mu lita imodzi ya madzi, sefani, muthire magalamu 20 a gulukozi ndi 20 a agar, muwonjezere madzi akwanenso lita imodzi. Wiritsani mu pressure cooker pa 121°C kwa mphindi 20. Sankhani bowa wathanzi wosakhwimitsa, mung'ambe ndi manja (osadula, mpeni umakankhira dothi la kunja mkati), ndipo ndi lumo lowotcha pamoto wa sipiriti n'kuzizira mutape kachidutswa konga njere ya mpunga pomwe tsinde likumana ndi chipewa. Kaikeni m'mbale ya agar wozizirayo, musunge pa 25°C kapena pafupipo. Mnofuwo uli kale ndi manyukiliyasi awiri, ndiye mudzakolola bowa wofanana ndi mayi wake. Mukawona zobiriwira m'mbale, chimenecho ndi chuku. Tayani mbale yonse osaitsekula m'chipinda chogwirira ntchito. Ngati pali maikulosikopu, onani ulusi pokulitsa ka 400: wokwatiwa umakhala ndi katumphu kokhota ngati mbedza pamfundo za maselo.

FUNSO: Aphunzitsi anatiuza kuti yisiti imachulukana pophuka. Nanga maferomoni ake ndi a ntchito yanji, ndipo amanunkhira? (Wophunzira wa Fomu 4, Zomba)

YANKHO: Sanakunamizeni, kuphuka (selo kutulutsa kamwana pambali pake) ndiyo njira ya masiku onse. Koma yisiti yophikira buledi, Saccharomyces cerevisiae, ilinso ndi mitundu iwiri yokwatirana, a ndi alpha. Fungo palibe: maferomoni ake ndi timapuloteni tatifupi tosungunuka m'madzi ozungulira selo. Feromoni ya alpha ili ndi ma amino acid (tizidutswa topanga puloteni) 13, ya a ili ndi 12 komanso kamchira ka mafuta.

Selo ya a ili ndi cholandirira chotchedwa Ste2 chomwe chimamva feromoni ya alpha yokha, pamene selo ya alpha ili ndi Ste3 chomva feromoni ya a. Uthenga ukafika, selo imayamba yasiya kugawikana, imaima isanayambe kukopera DNA yake, kuti onse awiri akumane ali pa msinkhu umodzi. Kenaka imatulutsa kamlomo kolunjika komwe feromoni yachuluka. Timilomo tikakhudzana, makoma amasungunuka, maselo ndi manyukiliyasi n'kukhala chimodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti selo ya a imatulutsanso enzaimu (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu), Bar1, yophwanya feromoni ya alpha yomweyo. Feromoni ikanadzaza paliponse mofanana, selo sikanadziwa kolowera. Selo yophatikizanayo imapitiriza kuphuka, ndipo chakudya chikatha imapanga tinjere tinayi m'kathumba, tiwiri ta a ndi tiwiri ta alpha.

FUNSO: M'munda mwanga zitsononkho zina zimatupa zotuwa, zikaphulika mukutuluka ufa wakuda. Mlangizi akuti ndi mtundu wa bowa. Zoona? (Mayi wa ku Dedza)

YANKHO: Zoona, Mayi, dzina lake ndi Ustilago maydis, ndipo nkhani ya kukwatirana ikumukhudza kwambiri. Ali yekha amangophuka ngati yisiti, sangadwalitse chimanga. Maselo awiri osiyana akamvana maferomoni pa tsamba kapena pa ndevu za chimanga n'kulumikizana, mpamene amasanduka ulusi woboola mmera ndi kutupitsa mnofu wake. Ufa wakudawo ndi njere zake, ndipo zimatha zaka zingapo zili moyo m'nthaka.

Thyolani zotupazo zikadali zolimba, zisanaphulike, mukazitenthe kapena kuzikwirira mozama kunja kwa munda. Musaziponye pa manyowa. Samalani popalira chifukwa mabala pa mmera ndi khomo lake, musapyoze muyeso wa feteleza wa nayitrojeni, ndipo pomwe zachuluka chitanipo kasinthasintha ndi nyemba kapena mtedza. Kupopera mankhwala zotupa zitawoneka kale n'kutaya ndalama. Ku Mexico zotupa zanthetezi amazikazinga n'kudya, amazitcha huitlacoche.