Loni ya nyumba ndiyambe liti poti ndikusamuka?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimagwira ntchito ku Namwera koma andisamutsira pa Boma ku Mangochi, ndikayamba miyezi iwiri ikubwerayi. Lendi yanditopetsa ndiye ndikufuna kugula nyumba pa loni ya ku banki. Ndaona ina ku Mpondasi, mwini wake akuti ndipereke kaye dipoziti asanaipereke kwa wina. Kodi ku banki ndipite pano kapena ndikakhazikike kaye? Mayi wa ku Namwera

YANKHO: Mayi, ku banki pitani sabata yomwe ino, ndipo dipozitiyo igwireni kaye chonde. Anthu ambiri amayamba ndi kukonda nyumba kenako nkumathamangira ku banki, pomwe zimayenera kuyambira ku banki kuti akuuzeni malinga ndi malipiro anu angakubwerekeni zingati, ndiye pofufuza nyumba mumadziwa kale pomwe thumba lanu likulekezera.

Tengani chiphaso cha unzika, ma payslip, ma statement a akaunti a miyezi ingapo yapitayi ndi kalata ya kuntchito, ya transifa ija musaisiye. Funsani mabanki awiri atatu, kaya NBS, National Bank, Standard Bank kapena FDH, osangoima pamodzi ayi. Adzayang'ananso mbiri yanu ya ngongole ku credit reference bureau, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu, ndiye ngati pali kaloni kena kamene munakasiya panjira kamalizeni pano. Komanso banki nthawi zambiri sipereka mtengo wonse wa nyumba, gawo lina ndi lanu, kuphatikiza ndalama ya valuer (katswiri woyeza mtengo wa nyumba), loya, msonkho wa boma wa stamp duty ndi inshuwalansi.

Koma nkhani yaikulu kuno ku Mangochi ndi mapepala a malo. Nyumba zambiri, zokongola ndithu, za malata atsopano ndi mpanda wa njerwa, zili pa malo a mafumu ndipo pepala lomwe mwini wake ali nalo ndi kalata ya amfumu basi. Kalata imeneyo kumudzi ndi yolemekezeka koma banki imafuna title deed, chikalata cha boma cha umwini wa malo, chifukwa ndi chikole chake. Ndiye muwafunse bambo a nyumbawo akuonetseni title deed m'dzina lawo, mutenge nambala ya puloti, loya akafufuze ku Lands, ofesi ya boma yoona za malo, ngati nyumbayo sinakoledwe kale ndi ngongole ina kapena si ya masiye yomwe abale akukanganirana. Akayamba zoti mapepala akubwera, dziwani kuti kusintha malo a mafumu kukhala lease, kuti akhale ndi mapepala a boma, kumatenga nthawi yaitali, miyezi iwiri yanuyo singakwane.

China, poti ndi kufupi ndi Shire, yang'anani makoma m'munsi ngati pali mzere wa madzi, mufunsenso aneba. Mu 2024 nyanja itakwera nyumba zambiri za m'mbali mwa madzi zinalowedwa, valuer zimenezi amaziona ndipo mtengo amautsitsa.

Chiwongola dzanja nachonso musachipeputse, mu 2024 Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongola dzanja chomwe imabwereketsera mabanki, kufika 26 peresenti ndipo mabanki amakongoza pamwamba pa pamenepo, chikasintha nanunso zobweza pamwezi zimasintha. Auzeni akulembereni ndalama yomwe azidula mwezi ndi mwezi muione ndi maso, muwerengere ndi fizi ya ana.

Langizo langa, pezani kanyumba ka lendi pa Boma ka miyezi ingapo muyambe ntchito mtima uli m'malo, loni ikuyenda. Dipoziti mupereke banki ikakupatsani offer letter, kalata yovomera kukupatsani loni, idzere kwa loya ndipo mulemberane kuti loni ikakanika ndalama yanu ibwerera. Za katapila kuti mukwanitse dipoziti zokha ayi mayi, musayerekeze.