Viza imodzi ikwanira pa ulendo wa pa Danube?

Achemwali, mwafunsa ngati viza imodzi ingakwane pa ulendo wa sitima yapamadzi pa mtsinje wa Danube kuchokera ku Passau ku Germany kukafika ku Budapest ku Hungary, komanso mwezi wabwino wonyamuka. Ikwana ndithu. Germany, Austria, Slovakia ndi Hungary onse ali mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene munthu amayendamo ndi viza imodzi. Mukapemphe ku dziko limene mukakhalemo masiku ambiri, ndipo inshuwalansi yachipatala isachepere mayuro 30,000. Koma mukafuna kutsetserekera mpaka ku Belgrade, likulu la Serbia, dzikolo lili kunja kwa Schengen, ndiye viza yanu ikhale yolowera kangapo.

Za mweziwo musazitenge mopepuka. Chilimwe chikawawa madzi amaphwa, monga zinachitikira mu 2018 ndi 2022, sitima zambiri zinakanika kudutsa malo osaya ndipo anthu ankangowakweza mabasi. Munthu kulipira ndalama zonsezo n'kukathera pamsewu, zimapweteka. Ine ndingasankhe Meyi, ngakhale madzi akachulukanso sitima imalephera kudutsa pansi pa milatho. Musanalipire afunseni eni sitima kuti amabweza zingati zikatere.

Chipinda chodula chakhonde musavutike nacho kwambiri. Padoko sitima amazimangiriza moyandikana, mukatsegula katani mumangoona zenera la anzanu. Pofika m'chigwa cha Wachau ku Austria, pakati pa matauni a Melk ndi Krems, kwerani pamwamba penipeni mutanyamula juzi, muone minda ya mphesa itakwera m'mapiri mizeremizere.

Ku Hungary amagwiritsa ntchito ndalama ya forint, pomwe ku Germany, Austria ndi Slovakia ndi yuro.