Sienta ikugogoda kunsi: musathamangire kugula ma shock

Achimwene ena a ku Ngabu andilembera kalata pa imelo. Akuti ali ndi Sienta ya 2008 yomwe imanyamula anthu pakati pa Ngabu, Nchalo ndi Dyeratu, ndipo chiyambire mvula yathayi ikumagogoda kutsogolo chakumanzere, "gu-gu-gu", makamaka akatsika m'tala. Makaniko wina wangomva phokosolo n'kunena kuti agule ma shock awiri. Funso lawo ndi lakuti: agule?

Achimwene, ndalamazo zikhale kaye m'thumba.

Ine zinandionekerapo. Pa galaja ina ku Blantyre ndinasinthitsa ma shock onse akutsogolo, koma nditangodutsa pa mlatho wa Kamuzu n'kulowa mumsewu wafumbi, phokoso lija lili pompo ngati likundiseka. Chinali chiyani? Ka stabilizer link, kachitsulo kowonda ngati chala kolumikiza stabilizer (chitsulo choletsa galimoto kupendama pokhota) ku mbali ya tayala, komwe mtengo wake sufika n'komwe pa wa shock imodzi.

Yambani ndi zomwe sizifuna ndalama. Tsitsani tayala la sipeya, jeke, masipanala ndi zonse zogubuduka kumbuyoko, mangani manati a matayala, gwedezani paipi ya utsi. Kenako pezani msewu wa mabampu, zimitsani wailesi, tsitsani magalasi, muyende pang'onopang'ono mukumvetsera kuti phokosolo likubwera nthawi yanji. Likamamveka pafupipafupi pa timabampu ting'onoting'ono, kawirikawiri amakhala ma link aja kapena mabushi (timalabala tokhala pomwe zitsulo zimalumikizana) a stabilizer. Likamveka kamodzi, "gu!", pamene mwaponda mabuleki kapena mukunyamuka, ganizirani mabushi a control arm, mkono wachitsulo wogwira tayala chakunsi. Mukakhotetsa chiwongolero galimoto itaima n'kumamva kudumpha chakumtunda, ndi top mounting, pomwe shock imamangidwa kumtunda. Koma "kha-kha-kha" pokhota mwakapinda chiwongolero mpaka kumapeto, ameneyo ndi CV joint, mfundo ya chitsulo chozunguza tayala, nkhani ina.

Tsopano manja agwire ntchito. Imikani pamalo olimba, osati pamchenga wathu uja jeke amangomira, tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala, kwezani, ndipo ikani chitsa chokhuthala pansi pa galimoto. Osalowetsa mutu kunsi mukudalira jeke yekha. Gwirani tayala dzanja lina kutsogolo lina kumbuyo, muligwedeze ngati mukupeta. Likamasewera, ndi tie rod end kapena rack end, zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi tayala. Gwiraninso lina pamwamba lina pansi. Likasewera pamenepo, ndi ball joint kapena bearing. Mnzanu asuzumire ndi tochi pamene inu mukugwedeza, chifukwa chomwe chatha chimaoneka chikuyenda pachokha. Mabushi apaneni ndi chitsulo chochotsera matayala: labala wabwino amakana, wakutha amangolekerera ndipo amaoneka ming'alu ngati dothi la kudimba mu Okutobala.

Ngati mukukayikira link, imasuleni, muimangirire ndi waya kuti isakhudze tayala, muyende pang'ono chabe. Phokoso likasowa, wakuba mwamugwira.

Pa ball joint mpomwe ndikufuna tikhalitsepo. Kachiwalo kameneka kali ngati fupa la m'chiuno: kampira kachitsulo kozungulira m'kachikho, kodzaza girizi, kovekedwa kachipewa ka labala. Kuno kuchigwa cha Shire kachipewako sikakhalitsa. Dzuwa lathu limafika madigiri 40 n'kupitirira, labala amauma n'kung'ambika. Ndiye ikabwera mvula timawoloka madzi amatope, ngati momwe tinkachitira msewu wa M1 utaduka ndi anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mchenga wosalala uja ukalowa n'kusakanikirana ndi girizi, umayamba kupera chitsulo tsiku ndi tsiku. Poti mwati phokoso layamba ndi mvula, pamenepo ndiye muyang'anitsitse. Kachipewa kakang'ambika ndipo tayala likusewera, galimotoyo isanyamulenso munthu mpaka mutasintha. Link yakutha imangosokosa, koma ball joint ikazuka tayala limapindikira mkati kapena kunja ndipo chiwongolero chimasanduka chokongoletsa. Taganizani zikuchitikirani m'makona a chitunda chija mukutsikira pa Thabwa, muli ndi anthu ndi matumba a chimanga.

Nanga ma shock? Ali ndi zizindikiro zawo. Amatuluka mafuta mpaka fumbi kumatirira thupi lonse. Mukadinikiza galimoto pakona n'kuisiya, imanjanja kangapo m'malo mokhazikika msanga. Matayala amadyeka mabangamabanga. Mukaona zimenezi ndiye makaniko wanu wanena zoona, ndipo musinthe onse awiri, osati mbali imodzi.

Posintha, khalani pompo muzionerera. Mabawuti a mabushi a control arm amangidwe komaliza galimoto itatsika n'kuponda pansi; akawamangitsa ili m'malere, labala amakhala wopotoka ndipo sachedwa kung'ambika. Mukakhudza tie rod end kapena rack end, pitani ku alayimenti, apo ayi matayala atsopano atha mbali imodzi. Mabushi osema ku tayala lakale omwe anyamata amapanga pamsika, a stabilizer angakufikitseni kunyumba, sindikana. Koma zomenya ball joint ndi hamala kuti "igwire", kapena kuwotcherera, ayi ndithu. Pokagula ku Limbe tengani chakalecho m'jumbo mukayerekeze, chifukwa Sienta ya 2008 ndi ija inayamba mu 2015 sizigawana zipangizo zonse.

Komanso achimwene, tisanamizane: Sienta anaipangira anthu 7. Ikamasenza 10 kuphatikiza mbuzi ndi mpunga wa ku East Bank, masipuling'i amakhala atagona kale, ndipo pa bampu iliyonse imagunda pansi. Phokoso limenelo ku shopu kulibe sipeya yake.

Mukagwedeza tayala lija mundilemberenso, mundiuze kuti likusewera mbali iti.